Shushu Wofota pa Nkhuti ya Tarsisio

Panali munthu wina ku Lifidzi, dzina lake Tarsisio, m'zaka zija za nkhondo pamene anthu anasiya kusunga chimanga m'nkhokwe. Nkhokwe inkaonekera patali, ndipo anthu a mfuti akafika ankayambira pomwepo. Choncho a m'mudzimo anapangana zokumba nkhuti m'madimba, kuikamo chimanga m'malata ndi m'mitsuko, kukwirira, n'kubzalapo shushu. Shushu akasowa mtengo woti akwere amayanga pansi, masamba ake n'kuphimba dothi lonse. Wodutsa ankangoona dimba.

Ntchitoyi inali ndi kachitidwe kake. Munthu ankakwirira mfundo za chingwe cha shushu chikadali kwa make, n'kudikira kuti zimere mizu. Zikamera m'pamene ankadula, kuzula ndi dothi lake lomwe, kukabzala pa nkhuti ndi kumathirira.

Amene anayambitsa zimenezi anali Serafina, mkazi wamasiye wa mkulu wake wa Tarsisio. Serafina ndi Tarsisio sankamwerana madzi. Chimwalirire mkulu wakeyo, Tarsisio ankafuna dimba la malemu, ndipo Serafina anakana kuchokamo.

Tarsisio anachedwa kukumba nkhuti yake. Pomaliza, analibe chingwe ngakhale chimodzi cha mizu. Serafina atamva anapita yekha kukamupeza, chifukwa ankadziwa kuti nkhuti imodzi ikaonekera, zonse zaonekera.

"Alamu, ndili ndi zingwe zomera kale. Mubwere mudzatenge. Musayale zodula, dzuwa ili silikhululuka."

"Mundiphunzitse kulima inuyo? Dimba mukudyeralo anaswa mphanje ndi m'bale wanga. Za m'menemo sindipempha, ndimatenga."

"Tengani. Koma mutenge za mizu."

Tarsisio anadikira tsiku limene Serafina anapita ku Misa. Analowa m'dimbamo ndi chikwanje, nasiya dala zingwe zomera zija, n'kudula zazitali za masamba ambiri pakati penipeni, kuti mlamu wake aone ndi kumva kuwawa. Anakaziyala pa nkhuti yake, nsonga zake n'kusomeka m'dothi. Tsiku limenelo panaoneka bwino kuposa pa wina aliyense.

Mwana wake Efigénia, mtsikana amene anabwerera kumudzi sukulu ya ku Ulongwe itavuta kufikako, anamuuza kuti masamba ayamba kugwa nkhope, ndipo anapempha kuti akatenge yekha zingwe za mizu kwa mayi ake aakulu. Tarsisio anamukalipira. Anati akaponda m'dimba la mkazi ameneyo asabwerenso pakhomo pake.

Shushu uja anafota, kenako anauma. Pakati pa dimba lobiriwira panatsala chigamba chofiirira, kukula kwake kofanana ndendende ndi nkhuti.

Anthu a mfuti anafika m'mawa wina. Ambiri a m'mudzimo anathawira kuphiri, koma Tarsisio ndi Efigénia anawapeza m'dimba akuthirira zouma zija. Mtsogoleri wawo anayang'ana chigambacho, nachigogoda ndi thako la mfuti.

"Madala, shushu wanu wafa bwanji malo amodzi okha?"

Tarsisio anati ndi mfuko, yadya mizu. Munthuyo anaseka, namuponyera khasu, namuuza kuti akumbe mfukoyo aione. Tarsisio anakumba mpaka khasu linagunda lata.

Atadziwa chinsinsicho, anthu a mfutiwo anayenda dimba ndi dimba akubaya pansi pa shushu aliyense ndi mtengo wosongola. Nkhuti zonse za m'mudzimo anazifukula, ya Serafina yomwe. Sanasiye ndi cha mbewu chomwe.

Katundu anachuluka, ndipo anafuna omusenza. Tarsisio anagwada, napempha kuti asenze iyeyo. Anamuyankha kuti nkhalamba imachedwetsa ulendo. Anatenga Efigénia pamodzi ndi achinyamata ena amene anawagwira m'njira. Ena mwa iwo anabwerako patapita nthawi, mapazi atatupa. Efigénia sanabwere.

Mudzi wonse unawolokera ku Dedza kudzera pa Kalomwe, manja ali m'khosi. Kumeneko palibe amene ankakhala pafupi ndi Tarsisio. Mkazi wake Rosária ankamuikira chakudya pansi osamuyang'ana. Tarsisio ankangokhala m'mbali mwa msewu, kufunsa aliyense wochokera kwawo ngati anaona mtsikana wamtali wa mpata kumano.

Tsiku lina anakumana ndi Serafina pa mzere wolandira ufa. Anavula chipewa.

"Alamu, mundikhululukire."

Serafina sanatuluke pa mzere. Anati, "Za chimanga ndinaiwala kale. Za mwana, kapepeseni kwa amene anamubereka."

Phunziro: Malangizo abwino sasanduka oipa chifukwa achokera kwa munthu amene mumadana naye. Mukawakana pofuna kumupweteka, amene amalipira kawirikawiri ndi wosalakwa wa m'nyumba mwanu. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale amene asiya kulankhulana, aiwerenge mpata ukadalipo.