Mwana Amene Sanalembedwe pa Sitima

Panali munthu wina wa ku Maputo, dzina lake Anselmo Cossa, yemwe kwa zaka zambiri ankalota loto limodzi: kusonkhanitsa abale ake onse, kuwakweza pa kasitima kogonamo, n'kuzungulira nawo zilumba za kwathu kuno ku Vilankulo masiku anayi. Anali munthu wabwino ndithu, koma mmodzi mwa anthu aja oti akakonda chinthu makutu amatsekeka.

Anafika ali akuluakulu khumi ndi awiri, ana asanu ndi awiri. Poyamba anapita kwa mayi Zulmira, amene akalambira pa ntchito yoyendetsa alendo panyanja.

"Ana angati?" anafunsa mayiwo. "Zaka zawo? Odziwa kusambira ndi angati?"

"Mayi, ndabwera kudzafuna sitima, osati malo a sukulu," anaseka Anselmo.

"Sekani, bambo. Yangayi imanyamula anthu khumi ndi asanu, ndipo kwa ine khanda ndi munthu. Majekete oyandamitsa a ana ndili nawo anayi okha. Dikirani yokulirapo sabata yamawa. Koma kulikonse mungapite, mwana aliyense alembedwe dzina."

Kudikira Anselmo sanakufune. Atangotuluka anakumana ndi bambo wina wa malaya oyera, wokoma pakamwa, yemwe anamuonetsa pa foni sitima ya matanga oyera ndi mabedi oyang'ana kunyanja.

"Bwana wanga, malo ndi a anthu khumi ndi awiri ndendende, ngati anapangira inu. Tiana? Aaa, timeneto sitilemba, ndi katundu wa m'manja. Tigona ndi amayi awo."

Mchemwali wake Felismina, mayi wa kakhanda ndi kamtsikana ka zaka zinayi kotchedwa Nércia, anamukoka malaya. "Achimwene, chikomekome cha mkuyutu ichi."

"Iwe mantha unabadwa nawo. Azakhali asanu, amalume anayi, mwana angasowe bwanji?"

Ndisaname, masiku awiri oyamba anali okoma. Madzi anali oyera moti ana ankagona chafufumimba m'mphepete mwa sitima, kumawerenga akamba akudutsa pansi pang'onopang'ono. Mphepo inali yofunda, matanga akuwomba mwaulesi. Anthu anaiwala tsiku, anaiwala mafoni, ngakhale azilamu osalankhulana anayamba kulukana tsitsi. Anselmo ankangoyendayenda akumwetulira yekha.

Tsiku lachitatu woyendetsa sitima anawatengera ku chilumba cha mchenga wokhawokha. Chilumbachi chimatuluka nyanja ikaphwa m'mawa, ndipo madzi akabwerera masana chimamira chonse, osasiya chizindikiro. Kaboti ka sitimayo kanawatula kumeneko maulendo atatu. Anadya nsomba zootcha ndi mpunga wa kokonati, ana anatola zigoba za nkhono, kenaka tulo tinawagwira. Nércia anagona kuseri kwa kachulu ka mchenga, mayi ake atamufunditsa chitenje.

Anadzidzimuka ndi mluzu wa woyendetsa. "Madzi akubwera! Tiyeni, tiyeni!"

Felismina anakwera ulendo woyamba chifukwa khanda linali litatentha thupi. Ali m'kabotimo anakuwa, "Alamu, mubwere naye Nércia!" Mawuwo anapita ndi mphepo. A ulendo wachiwiri ankayesa mwana wapita ndi mayi ake. A ulendo wachitatu anaona chitenje pamchenga patali, n'kuganiza kuti mwini wake wachiiwala, asawataitse nthawi.

Pa sitima, woyendetsa anatenga pepala n'kuitana mayina. Khumi ndi awiri, onse anavomera. Ananyamuka. Felismina anali m'kachipinda kupukuta khanda ndi nsalu yonyowa, ana ena akuthamangathamanga, ndipo palibe amene anaona chachilendo.

Patapita pafupifupi ola, Felismina anatuluka n'kuyamba kugawira ana buledi. Chidutswa chimodzi chinatsala m'manja.

"Nércia ali kuti?"

"Si ali ndi azakhali ake a Odete?" anatero wina.

"Ine? Ine ndimayesa ali nanu, alamu!"

Anafufuza m'zipinda, pansi pa mabedi, kukhitchini. Felismina anagwira Anselmo pakhosi pa malaya. Woyendetsa anatukula pepala lija. "Koma bwana, pano palibepo dzina limenelo."

"Tembenuza sitima!" anakuwa Anselmo.

Atafika pamalopo chilumba kunalibe. Kunali madzi okhaokha, obiriwira, abata, okongola ngati palibe chachitika. Azimayi anayamba kulira maliro. Kenaka Odete analoza patali. Kanthu kakang'ono kanali chilili pakati pa nyanja.

Anselmo anadumphira m'kaboti, ndipo pafupi ndi mwanayo anadziponya m'madzi ndi nsapato zomwe. Nércia anali ataima pamwamba pa kachulu kaja, madzi ali m'chifuwa, atanyamula chitenje cha mayi ake pamutu kuti chisanyowe. Sankalira.

"Amalume, chilumba chapita," anatero. "Ine sindinachoke. Amayi amati ndikasowa ndiziima pomwepo."

Anselmo anamunyamula, akulira ngati mwana ndi iye. Nércia anamugwira m'khosi n'kufunsa chapansipansi, "Kodi simunaone kuti ine palibe?"

Anselmo anangomukumbatira n'kumukweza m'kaboti. Akuti mpaka lero, akamafotokoza nkhaniyi, akafika pa funso limeneli amalekezera pomwepo.

Phunziro: Posankha sitima yoyendamo ndi ana, musatengeke ndi zithunzi. Sankhani ya anthu amene akukufunsani mafunso otopetsa: ana angati, zaka zawo, jekete la aliyense lilipo. Mwana aliyense alembedwe dzina, ndipo akhale ndi wamkulu mmodzi womuyang'anira, chifukwa mwana woyang'aniridwa ndi onse sayang'aniridwa ndi aliyense. Musaisunge nokha nkhaniyi. Itumizeni kwa m'bale wanu uja amene amakonza maulendo a banja, aiwerenge asanasankhe.