Mkonono Utaduka Pansi pa Chigafa

Mkonono wa a Malizani unaduka mwadzidzidzi, ngati wina wathimitsa chigayo.

A Lidia anasiya kutongola chimanga. Amuna awowo anali atagona chagada pamkeka, pansi pa chigafa cha fodya, dzuwa lili paliwombo. Anatambasula dzanja kuti awagwedeze, koma mwana wawo Talandira, wophunzira unamwino, anawagwira mkono.

"Dikirani kaye, amayi. Taonani pachifuwapo."

Chifuwa chinkakwera ndi kutsika mwamphamvu, koma mpweya sunkalowa. Talandira ankawerenga chapansipansi, maso ali pafoni. Khumi. Makumi awiri. Atafika pa makumi atatu, bambo akewo anadzidzimuka n'kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi akuya. Mkonono unayambiranso, iwo osadzuka.

"Akagona chagada kukhosi kumatsekeka, makamaka thupi likakula chonchi," anatero Talandira. "Mtima umavutika. Kuthamanga kwa magazi kuja, ndi kusinza m'tchalitchi kuja, mwina gwero lake ndi limeneli. Usiku umodzi zimatha kuchitika kambirimbiri."

Zaka zonsezi, phokosolo likaleka, a Lidia ankathokoza Mulungu n'kutembenukira kukhoma kuti apezeko tulo. Sankadziwa kuti nthawi imeneyo munthu wogona pambali pawo amakhala akulimbana ndi imfa yekhayekha, n'kumabwerako.

Anagwada, nawatembenuza amuna awowo mosamala kuti agone chammbali.

A Malizani anatsegula diso limodzi. "Kwagwanji, amake Talandira?"

"Mawa tilawirira kuchipatala ku Madisi," anatero a Lidia, dzanja lili pamsana pawo. "Panopa pumani, bambo. Ingopumani."