Mzere Womaliza wa Maluwa Oyera

Kunkagwa mvula yamawawa m'mawa umenewo, mu Okutobala 1918, pamene Wilmer anabwerako ku msika wa maluwa ku Philadelphia. Analowa m'nyumba yagalasi yolimamo maluwa ali chinyowere.

"Bambo, dulani onse! Chimfinechi chikupha anthu ngati nkhuku za chitopa, mpaka mabokosi a maliro atha. Duwa loyera akulanda usanatsitse n'komwe m'ngolo. Mtengo wakwera katatu!"

Bambo Hoopes anatenga mpeni wawo. Chimwalirireni mkazi wawo, ankaumira mawu. Anayamba kudula mzere ndi mzere, mwana wawo mmodzi yekhayo akumanga mitolo.

"Oluka nkhata za maliro akuchita kundikoka jekete," anatero Wilmer akuseka. "Wina anandipsompsona patsaya, ndevu zonsezo!"

Kusekako kunathera m'chifuwa. Anatsokomola mpaka kugwirira mzati. Kunkazizira, koma thukuta linali kamukamu pamphumi pake.

"Usapitenso," anatero bambo ake.

"Ndi mvula chabe iyi, Bambo. Mukufuna maluwa afotere pano? Chaka ngati chino sichibwera kawiri."

Atafika pamzere womaliza, wa maluwa osamasula, Bambo Hoopes anapinda mpeni.

"Nanga awa?" anafunsa Wilmer. "Ngakhale osamasula akugula."

"Asiye."

"Mukusungira ndani?"

Bambo ake anayang'ana thukuta lija pamphumi pa mwana wawo, nayamba kupakira mitolo m'ngolo. Wilmer atatuluka ndi ngolo pageti, chifuwa chija chinkamvekabe mpaka kumsewu.

Duwa likazizidwa limachedwa kumasula. Bambo Hoopes anatseka paipi yotenthetsa mzere uja, natsegula mawindo a pamwamba pake, kuti maluwawo adikire mpaka sabata yamawa.