Chibangili cha Ndaziona

"Miyezi itatu yokha, mkazi wanga," anatero Lonjezo pa foni, ali kutsidya kwa nyanja komwe ankathyola mphesa.

"Chaka chathanso munatero," Ndaziona anayankha.

Lamulo linkati wopita kunja pa viza ya ntchito azisiya mnzake wapabanja atavala chibangili cha boma pamwendo, chomwe chimalira akangodutsa malire a mudzi. Kuchigayo Ndaziona ankachita kutuma anzake. Tsiku loika maliro a mayi ake, iye anaima pamlatho wa m'malire, n'kumangomvera nyimbo chapatali.

"Akandiwonjezera viza, tikhoma malata. Ukufunanso chiyani?"

Ndaziona anasisita pomwe chitsulocho chinadya khungu.

"Bwerani, adzandivule ichi. Ndikufuna mundiperekeze kumanda, ndikaone pomwe amayi anagona."