Chipsera cha pa chitseko cha galimoto

Ku Likoswe, m'boma la Chiradzulu, kunali munthu wina dzina lake Jacob. Nkhani yake ndinaimva kwa munthu amene amalidziwa bwino banjalo, ndipo sindinawonjezerepo kanthu.

Bambo ake, a Mateyo, anali mphunzitsi. Atapuma pantchito anagula kagalimoto koyera, kogwirapo kale ntchito. Loweruka lililonse ankakatsuka okha pansi pa mtengo wa mango, wailesi ikulira. Inshuwalansi ankalipira yokwanira, chaka ndi chaka, tsiku lisanakwane.

Chaka china anaganiza zophunzitsa akazi awo, mayi Bibiana, kuyendetsa. Tsiku loyamba lomwelo mayiwo anaponda mafuta m'malo mwa buleki, galimoto n'kukhula mtengo wa mango uja. Chitseko cha dalaivala chinapindikira m'kati, malo okwana chikhatho chimodzi. Mayi Bibiana anayamba kulira. A Mateyo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amake Jacob, mwasainatu apa!" anatero. "Galimotoyi tsopano ndi yanu."

Mayiwo sanagwirenso chiwongolero, ndipo a Mateyo sanawongoletse chitsekocho. Mvula ikayandikira ankangopakapo kapenti kuti dzimbiri lisalowe. Pakhomopo aliyense ankapatchula kuti chipsera cha amayi.

A Mateyo atamwalira, galimoto inakhalabe pansi pa mango. Jacob ankagwira ntchito ku Blantyre, ndipo ankaiyendetsa akabwera kumapeto kwa mwezi. Tsiku lina pa msika wa Namitambo, njinga yamoto yonyamula matumba a nandolo inaigunda cha ku tayala lakumbuyo, mbali yomweyo ya chipsera. Palibe amene anavulala.

Jacob anapita nayo kwa Che Abdulhamid, mkulu wowongola magalimoto pamalopo, yemwe ankasewera bawo ndi malemu. Mkuluyo anasisita popindikapo.

"Apa ndi pang'ono, mwana wa aphunzitsi. Ndimenya cha m'kati, ndithira penti, Lachitatu mudzaitenga. Ngati mukufuna za inshuwalansi, pitani, ndi ufulu wanu. Koma mukanene za kumbuyoku zokha."

"Che Abdul, bambo analipira zaka zonsezi osapindula kanthu. Ndikalemba kuti njinga inakhula mbali yonse, kuyambira pachitseko. Ndani angadziwe?"

"Chitsekocho chisiyeni. Ine ndinawapempha bambo anu katatu kuti ndichiwongole ulere. Katatu konse anandithamangitsa ngati ndawapempha mkazi."

"Anali okalamba, ankangoumira."

"Amayi mwawafunsa?"

"Ndikufuna adzangoiona ili ngati yatsopano."

"Afunseni kaye," anatero Che Abdulhamid.

Jacob sanafunse. Anatenga msomali n'kupala penti ya bambo ake pachipserapo kuti paoneke ngati papindika dzulo. Anakatenga lipoti la apolisi, nadzaza mafomu, nalemba monga ananenera. A inshuwalansi anavomera popanda vuto, galimoto n'kupita ku galaja ina ku Limbe. Amayi ake anangowauza kuti akukakonzetsa kumbuyo.

Ku galaja imeneyo sankataya nthawi ndi nyundo. Anangochotsa chitseko chonse n'kuika china.

Patapita masabata atatu Jacob anafika nayo akuliza hutala. Inkanyezimira. Mayi Bibiana anatuluka akupukuta manja pachitenje. Sanayang'ane kumbuyo kumene kunagundidwa. Anapita pa chitseko cha dalaivala n'kuikapo chikhatho. Anasuntha chikhathocho pang'ono m'munsi, kenako m'mbali, ngati munthu wofufuza kiyi m'thumba.

"Mwaiona, amayi? Ngati ya m'sitolo!"

"Yaoneka bwino, mwanangu," anatero. "Zikomo."

Anaima pomwepo kanthawi. Kenako, osamuyang'ana, anati: "M'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndimagwira apa, n'kuwapatsa moni bambo ako. Kumanda ndi kutali, ndipo kumeneko sanasekereko. Anasekera pano."

Atatero analowa m'nyumba.

M'mawa mwake Jacob anathamangira ku Limbe. Anthu a ku galaja anamuuza kuti chitseko chakale chinapita kalekale ndi ogula zitsulo zakutha. Anazungulira malo atatu ogulirako zitsulo, akuvundukula milu ya malata ndi mabampala. Sanachipeze.

Anabwerera kwa Che Abdulhamid.

"Mukudziwa pamene panali chipsera. Tengani nyundo mupinde pomwepo. Chonde."

Mkuluyo anapukusa mutu.

"Kupinda ndingapinde, mwinanso kufananitsa ndithu. Koma amayi anu akadzaikapo dzanja adzapezapo ine ndi inu. Aphunzitsi sadzawapezapo."

Jacob sanagwidwe. Palibe wa inshuwalansi amene anamuimbira foni, palibe wapolisi amene anabwera. Bodza lake linayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Galimoto ija ikadalipo pansi pa mango, yoyera, yopanda chilema. Mayi Bibiana anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Sanamudzudzulepo mwana wawo ngakhale tsiku limodzi. Ankasesa bwalo monga kale, koma akafika pagalimotopo ankangoilambalala, n'kukaika tsache kuseri kwa nyumba.

Phunziro: Galimoto ikagundidwa, ukanene ku inshuwalansi zimene zachitikadi, osaphatikizapo za kale. Bodza likhoza kudutsa bwinobwino koma n'kukulanda chinthu chimene palibe kampani imene ingakubwezere. Ndipo usanakonze chilichonse chimene womwalira anasiya, funsa kaye amene watsala. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene akusunga katundu wa makolo awo.