Mapasa Obwereka a Hilario

Panali munthu wina ku Bangula dzina lake Hilario. Akuti izi zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi m'thumba. Hilario ankanyamula mabelo a thonje, mkazi wake Luisa ankagulitsa milamba yowamba.

Chaka chomwe madzi anakokolola minda cha ku Chiromo, Luisa anabereka mwana wamkazi, Jesinta. Abale awo onse anali ku Mozambiki, kunkhondo, ndiye panalibe wowagwirira mwana. Kuti alembe mlezi, malipiro a Hilario sankakwana. Luisa anasiya msika, njala inalowa m'nyumba, mpaka mkaka wa m'mawere unayamba kuchepa.

Tsiku lina Hilario anafika ali wefuwefu.

"Amake Jesinta, mwamva? Akuti boma latumiza thandizo kuchipatala la amayi obereka mapasa. Mkaka wa ufa, bulangeti ndi kandalama. Kameneko tilembere mlezi, inu mubwerere kumsika."

"Nanga ife tili ndi mapasa?"

"A Rosa oyandikana nawowa, mwana wawo anasiyana ndi wathuyu masabata awiri okha. Tibwereke m'mawa umodzi basi."

"Nkhabe!" anakana Luisa m'Chisena. "Mwana si khasu loti n'kubwereka. Tiyeni tikangonena vuto lathu mmene lilili."

"Ndani angamvere munthu wa mwana mmodzi? Inu mungotseka pakamwa, ndikayankhula ndine."

Anamuumiriza masiku atatu mpaka Luisa anatopa n'kuvomera. Rosa, yemwe anali wamasiye, anavomera atamulonjeza theka la mkakawo, koma anati adzawatsatira n'kudikira panja. Ana onse awiri anabadwira kwa azamba, choncho analibe makadi a sikelo oti n'kuwaulula.

Lachinayi m'mawa anafika kuchipatala. Ayufi awiri anaona makadi awo achipani pageti n'kuwalowetsa. Luisa anabereka Jesinta kumbuyo, Hilario ananyamula Gideon, mwana wa Rosa. Amayi pamzere anayamba kumutama.

"Onani bambo wanzeru, akuthandiza mkazi wake! Mulungu wakudalitsani, bambo."

Hilario ankangomwetulira.

Atalowa, namwino wachikulire anawafunsa, "Anayamba kutuluka ndani?"

"Wamwamunayu," anatero Hilario.

"Wamkaziyu," anatero Luisa nthawi yomweyo.

Namwino anaika cholembera pansi n'kuwayang'ana. Pomwepo Gideon anayamba kulira.

"Mayi, muyamwitseni kaye mwanayo."

Luisa anamupatsa bere. Mwana anapotoza khosi, nalira mokuwa. Anayesa bere linalo, mwana anachita kudzipinda msana, mawu mpaka kusasa. Hilario thukuta linali kamukamu.

"Ndi malungo," anatero. "Usiku sanagone."

Asanamalize, chitseko chinatseguka. Rosa analowa bulauzi itanyowa ndi mkaka pachifuwa.

"Ndipatseni mwana wanga! Mkaka wanuwo khalani nawo!"

Anamulanda n'kukhala pansi pomwepo. Mwana atangogwira bere, zii.

Ayufi aja anamva phokoso n'kuthamangira m'katimo. "Ameneyu akubera boma! Tiyeni naye!" Masiku amenewo mawu oterewa ankatha kumusowetsa munthu zaka. Hilario anagwada pa simenti, akuomba m'manja.

"Pepani, mabwana, ndi umphawi."

"Musiyeni," anatero namwino. "Akamangidwa, wovutika akhala mwana wakeyu. Bambo, nditsateni."

Anapita naye pakhonde pomwe panadzaza amayi. Pakona panali mayi wina yemwe anayenda wapansi kuchokera kutali, mapazi otupa, atafungatira mapasa enieni, timikono tawo ngati bango.

"Zitini za mkaka zatsala zochepa," anatero namwino. "Auzeni mayi awa, ndi pakamwa panu, chimene munabwerera."

Hilario anayang'ana pansi. Mawu anatuluka pang'onopang'ono. "Mayi, ndimafuna kutenga mkaka wa ana anu."

Mayiyo sanamutukwane. Anangofunditsa ana ake chitenje n'kumufulatira. Hilario ananena pambuyo pake kuti kukanakhala bwino ayufi aja akanangomukwapula.

Kenako namwino anaika Jesinta pasikelo n'kupukusa mutu.

"Mwana wanuyu ndi wonyentchera. Otere timawapatsa phala ndi mkaka, kaya ali yekha. Mwadzivutitsa pachabe."

Luisa analandira phalalo misozi ili mbwembwembwe. Kuyambira tsiku limenelo ankapita kusikelo yakutali, kuopa maso a amayi anzake. Rosa anasamuka pakhomopo. Hilario naye dzina lake linafera pomwepo: kuntchito, kumsika, ngakhale kutchalitchi, aliyense ankangomuitana kuti Bambo a Mapasa.

Zaka zinapita, iye n'kumaganiza kuti anthu aiwala. Tsiku lina Jesinta, ali sitandade wani, anabwera kuchokera kusukulu akulira.

"Ababa, anzanga akuti ndinabadwa mapasa, koma mnzangayo munakamubweza kwa eni ake. Munamubwezeranji? Inenso mudzandibweza?"

Hilario anayang'ana Luisa kuti amuthandize.

"Muyankheni," anatero Luisa. "Woyankhula ndinu."

Phunziro: Kulera mwana n'kodula, ndipo umphawi si mlandu, koma bodza ndi mlandu. Thandizo ukalitenga mwachinyengo, walanda pakamwa pa mwana wa mnzako. Ukavutika, nena vuto lako mmene lilili, ndipo mvera akakuletsa a m'nyumba mwako, chifukwa manyazi a kholo amadzasenza ndi mwana. Usaisunge wekha nkhaniyi, itumize kwa makolo anzako, makamaka amene angolandira kumene mwana.