Msewu Umene Unabaya Mkwati

Abale, imvani izi, zinachitikadi! Panali munthu wina m'mudzi woyandikana ndi wathu kuno ku Serbia, dzina lake Velimir. Mwana wake Tijana anali pafupi kukwatiwa, koma msewu wotsikira kunyumba kwawo unali matope okhaokha.

Anzake anali atakonza kale misewu yawo ndi zigumuka za nyumba zakale. Ankazitenga kumalo kumene amayamba achotsamo zitsulo, matabwa ndi pulasitala, kenako n'kuphwanya konkire ndi njerwa pamakina. Misewu yake inkalimba bwino. Koma kumeneko kunali mzere wautali, ndipo Velimir analibe mtima wodikira.

Tsiku lina kunatulukira mlendo pa lole.

"Achimwene, ndamva muli ndi ukwati. Kutauni tagumula nyumba yosanja. Zigumuka ndikupatsani ulere, zosankha kale."

Mkazi wa Velimir, Slavica, anasuzumira m'lolemo. "Bambo a Tijana, munthuyu mukumudziwa? Taonani mawaya akutulukirawo!"

"Mayi, inu onani za nkhumba yowotcha. Za msewu n'zanga."

Anam'thirira mlendoyo kachasu wa mapulamu, nagwirana chanza. Malole anakhuthula, Velimir anasalaza ndi thirakitala, pamwamba n'kuwaza mchenga. Msewu unaoneka ngati wa boma!

Ukwati uli mawa, kunagwa chimvula. M'mawa mwake abale a mkwati anatulukira pamdipiti wa magalimoto, mahutala akulira, oimba malipenga ali patsogolo. Galimoto yoyamba, tayala phuu! Yachiwiri, phuu! Pulasitala anali atasungunuka ngati phala, ndipo galimoto ya mkwati inatitimira. Mkwatiyo, Nenad, anatsika kuti akankhe. Anaponda chimsomali chadzimbiri, chinaboola nsapato mpaka kutulukira pamwamba pa phazi!

Kukuwa kunali ponseponse. Magalimoto anali atatseka msewu, panalibe yoti n'kutembenuka. Tijana anakwinya diresi lake loyera, nakwera thirakitala ya bambo ake.

"Mukwezeni kumbuyoku! Ababa, chokani panjira!"

Anadula m'munda wa chimanga n'kukam'fikitsa yekha kuchipatala. Anakwatitsidwa madzulo, phazi lili m'bandeji. Anthu akuvina, mkwati anangokhala pampando.

Mayi ake a Nenad anapita pamene panakhala Velimir. "Asewere, mwanayu ndinabwera naye akuyenda ndi miyendo iwiri. Ndim'bweze bwanji?"



Sabata yotsatira kunabwera akuluakulu a boma. Zinadziwika kuti mlendo uja ankangofuna potaya zinyalala mozemba, ndipo foni yake sinkagwiranso. Akuluakuluwo analamula Velimir kukumba msewu wonse n'kukatula zonse kumalo osankhira kuja. Chaka chimenecho mapulamu ake anaolera m'mitengo, iye ali kalikiliki ndi fosholo.

Phunziro: Zigumuka zimamangadi msewu wolimba, koma zikhale zosankhidwa ndi kuphwanyidwa pamalo odziwika. Mlendo akakuumirizani katundu waulere, yambani mwayang'ana m'kati, ndipo wapanyumba akakuchenjezani, mverani. Tumizirani abale ndi anzanu onse, makamaka amene akumanga!